Madzi M'botolo la Mankhwala a Bambo

Pakhomo pa a Abednego, telala wa pa Mitundu, panali pamtendere. Ana ankadya, ankapita kusukulu, ndipo mapemphero sankawaphonya. Chovuta chinali maso a bambowo. Kuchipatala anawauza kuti madzi a m'maso akupanikiza mtsempha woonera, nawapatsa mankhwala odontheza otchedwa pilokapini. Anawachenjeza kuti asadumphitse tsiku, komanso asagawireko munthu, chifukwa wodwala mphumu amatha kubanika nawo. Mankhwalawo anali ankhanza: akangodontheza, mboni za maso zinkachepa ndipo pachipumi pankawawa.

Wowadontheza anali Edson, mwana wawo woyamba. Tsoka ilo, mnyamatayo anali atalowerera kubetcha mpira pafoni. Mayi ake anamudzudzula mpaka malovu kuuma, iye n'kumangovomera pakamwa.

Pa msika wa Nathenje Edson anapalana ubwenzi ndi Gilibati, wogulitsa mankhwala mozemba.

"Uzibwera nalo botolo la mankhwala a bambo akolo tizikhuthula, ndizikupatsa ndalama, iwe uzithiramo madzi," anatero Gilibati. "Mdala wakoyo adziwa bwanji?"

Edson anachitadi zimenezo. A Abednego ataona kuti pachipumi pasiya kuwawa, anayesa akuchira. Anaimirira m'tchalitchi n'kuchitira umboni, mpaka kuyamikira manja ofatsa a mwana wawo. Edson anangowerama, koma sanasiye.

Pang'onopang'ono misoko inayamba kukhota, singano n'kumawabaya zala. Tsiku lina anagunda mphuthu ya chitseko masana dzuwa likuswa mtengo. Kuchipatala dokotala anadabwa kuona mboni zili tong'o ngati za munthu wosalandira mankhwala. Atayeza za m'botolo, anapeza madzi okhaokha. Mtsempha unali utafa, ndipo ukafa sudzukanso.

Sabata yomweyo, mayi wina wa mphumu amene anagula madonthowo pamsika anatsala pang'ono kufa. Apolisi atamugwira, Gilibati sanachedwe kuloza Edson.

Asanamutenge, Edson anagwada n'kugwira miyendo ya bambo ake, akulira. A Abednego sanamukankhe, koma mtima unali utasweka.

"Mbava yochokera kunja ndikanaitsekera chitseko," anatero motsitsa mawu. "Koma iwe, mwana wanga, ndinkachita kukutsegulira diso ndi zala zanga."

Anamukhululukira, pakuti anali munthu wopemphera. Komabe makina osokera anagulitsidwa, azing'ono ake a Edson anasiya sukulu, ndipo bambowo sanaonenso nkhope ya mwana wawo aliyense. Achinyamata, musabere amene amakukhulupirirani. Angathe kukukhululukirani, koma chimene mwawononga sichidzabwerera.