Timalemba ta Pansi pa Fomu

Ruchika anali ataima kuyambira m'mawa pakhomo pa sitolo yaikulu ya mumzinda wa Indore, ku India, miyendo itachita dzanzi, masaya akuwawa ndi kumwetulira anthu osawadziwa. Patebulo lake panali mulu wa mafomu, ndipo pambali pake panali sutikesi yofiira ya matayala, yonyezimira ngati tomato wongotsukidwa kumene. Sutikesiyo ndiyo inali nyambo. Aliyense wosainira khadi la ngongole la banki ina ankalonjezedwa mphatso imeneyi.

Linali tsiku lomaliza la mwezi wake woyeserera ntchito. Anauzidwa kuti alembetse anthu makumi awiri, ndipo anatsala ndi mmodzi. Mmodzi yekha! Kulephera kumupeza, ntchito yathera pomwepo, pamodzi ndi maloto ake odzilipirira maphunziro a unamwino. Mayi ake nawonso anali atauza kale oyandikana nawo onse kuti mwana wawo tsopano ndi wa kubanki.

A Tandon, bwana wake, bambo wokonda mafuta m'tsitsi kuposa moni, anadutsa akugogoda wotchi yawo ndi chala.

"Malire ndi faifi koloko, Ruchika. Ndinakuphunzitsa bwanji? Usaname, ayi. Ingowaonetsa sutikesi. Timalemba ta pansi pa fomu si ntchito yako, aliyense ali ndi maso ake."

Anthu ankangodutsa. Ena ankanamizira kulankhula pafoni, ena ankagwira sutikesi, kuyendetsa matayala, n'kumapita. Nthawi itakwana hafu pasiti folo, Ruchika anamva mawu amene anali asanawamve kwa zaka ziwiri.

"Kodi si Ruchika uyu, katswiri wathu wochedwa kusukulu?"

Anali a Mohanlal, mlonda wa pageti la sukulu yake yakale, amene ana onse ankawatchula kuti amalume. Masiku amenewo Ruchika ankayamba wathandiza mayi ake kunyamula ndiwo zamasamba kupita nazo kumsika, kenako n'kuliyatsa liwiro la kusukulu. A Mohanlal akamuona akutulukira pakona, m'malo motseka geti ankayamba kufunafuna makiyi m'matumba onse, chonsecho ali nawo m'manja, mpaka mtsikanayo atalowa.

"Amalume! Mwakalambatu!"

"Iwe ndiye wakula, koma mwano sunasiye," anatero akuseka. Kenako maso awo anatera pa sutikesi ija, ndipo anaisisita ndi dzanja mwaulemu. "Ndabwerera imeneyi. Mnzanga wina wandiuza kuti ukasaina amakupatsa yaulere. Damini wanga akukwatiwa Loweruka la sabata ya mawa. Akuchimuna ndi a kumzinda wa Bhopal, anthu a nyumba zosanja. Mayi ake akuti atenge bokosi lachitsulo lija anabwera nalo iwo pa ukwati wathu. Ine ndati ayi, mwana wanga sangakalowe kwa apongozi ake atasenza dzimbiri."

Anatulutsa chitupa chawo ndi pepala la penshoni, zokulungidwa bwino m'kapulasitiki. Zonse zofunika zinali pomwepo. Mtima wa Ruchika unadumpha ndi chimwemwe, ndipo tisamunamizire kuti ayi. Anadzaza fomu mofulumira. Kuseri kwa chipilala, a Tandon anamukwezera chala chachikulu.

"Magalasi ndaiwala kunyumba," anatero a Mohanlal akulandira cholembera. "Koma poti ndi iwe, mwana wanga, ingondilozera posaina basi."

Ruchika analoza. Cholembera chinatsika mpaka kukhudza pepala. Apo ndiye manyazi anamugwira, manyazi otentha oyambira m'khosi mpaka m'makutu. Anaika chikhato chake pa fomu.

"Dikirani kaye, amalume. Ndikuwerengereni izi."

Anawerenga pang'onopang'ono, mokweza, monga ankachitira pamzere wa m'mawa kusukulu. Sutikesi siiperekedwa tsiku losaina. Munthu ayenera kuyamba wagula zinthu za ndalama zokwana marupi zikwi makumi anayi ndi khadilo pasanathe miyezi iwiri. Akatero, mphatsoyo imatumizidwa pakatha mwezi winanso. Khadilo lili ndi malipiro a chaka ndi chaka, ndipo wochedwa kubweza ngongole amamuthira chiwongoladzanja.

A Mohanlal anawerengetsera ndi zala zawo.

"Zikwi makumi anayi? Imeneyotu ndi penshoni yanga ya miyezi isanu. Ndiye kuti lero sindinyamula kanthu?"

"Simunyamula kanthu, amalume. Ikamadzafika, Damini adzakhala atazolowera kale ku Bhopal."

Mkuluyo anachotsa dzanja pa sutikesi. Nkhope yawo inagwa, ndipo Ruchika anamva chisoni kuposa mmene akanamvera akanamukalipira.

A Tandon anatulukira akumwetulira ndi mano onse. "Bambo, musadandaule, mtsikanayu ngwatsopano, akusokoneza zinthu. Sainani, zinazo tidzakambirana."

"Ngwatsopano kwa inu, bwana," anayankha a Mohanlal. "Ine ndinamudziwa akadali wa mamina." Anaika cholembera patebulo, nakulunganso mapepala awo m'kapulasitiki kaja. Asanachoke anamusiyira Ruchika kalata yoitanira ku ukwati, yopindika m'makona chifukwa chokhalitsa m'thumba.

Faifi koloko itakwana, a Tandon sanachulutse mawu. "Siya baji ya ntchitoyo patebulopo. Chifundo chakocho ukadyere kwanu."

Ruchika analira m'basi ulendo wonse, nkhope ataibisa pawindo. Kunyumba, mayi ake anakhala masiku awiri akumupatsa chakudya osamuyang'ana.

Ku ukwati anapitabe, ngakhale mtima sunkafuna. Tenti inali itatseka msewu wonse, ng'oma zikulira, ana akulimbirana maswiti okazinga otentha otchedwa jalebi. Pakona, pakati pa katundu wa mkwatibwi, panali bokosi lachitsulo lija. A Mohanlal anali atalipala dzimbiri n'kulipaka utoto wobiriwira, ndipo pamwamba pake analembapo dzina la Damini ndi zilembo zokhota. Damini mwiniwake ankauza anzake monyadira kuti bokosilo linali la mayi ake.

A Mohanlal atamuona Ruchika, anamugwira dzanja n'kumukokera kumene kunakhala azimayi achikulire.

"Ndi uyu ndimakuuzani uja! Amene anandiwerengera timalemba ta pansi."

Ruchika anafuna kubisala. Koma mayi wina wovala nsalu ya sari yachikasu anapukuta manja, napisa m'kachikwama kake, n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi.

"Tandiwerengere ili, mwana wanga. Anandiuza kuti ndikasaina Lolemba andipatsa mphika wa magetsi."

Ruchika anakhala pansi, nayala pepalalo pabondo, n'kuyambira kumunsi kwenikweni. Atadzutsa mutu, anaona kuti kumbuyo kwa mayiwo kwaima anthu ena atatu, aliyense pepala lake lili m'manja.