Mundiuzire m'Diso

Custódio anamulakwira Nicolau m'chaka cha 1999, pamene ankamanganso chipatala chimene chinatenthedwa pa nkhondo kumbali ya Majaua. Custódio anachokera kutauni kudzalumikiza makina oyezera magazi. M'makinamo munali timaulusi tagalasi, towonda ngati tsitsi, todutsamo kuwala. Ntchito ya Nicolau inali kupukuta nsonga zake ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti.

Tsiku lina Nicolau anaona kafumbi pansonga, nauzira, monga timachitira tonsefe mnzathu akalowedwa chitsotso. Mpweya wa m'kamwa umadetsa galasi, koma ndani anamuuza? Custódio anamugwira pakhosi, namukanikizira diso pansongapo kuti aone uve wake. Makina anali oyaka. Diso linapsa. Kutacha anamuchotsa ntchito, ati ankamwa sipiriti.

Ntchito inaima, ndalama zinapita kumene zimapita. Patatha zaka Custódio anabweranso atanenepa, nalemba ntchito yopukuta ija Arlindo, mnyamata amene anali atangobwera kuchokera ku Malawi, kumene anatsalira kuthyola tiyi anzake atabwerera kwawo nkhondo itatha. Za Nicolau palibe anamuuza. Ntchito ikasowa, anthu akuno amatseka pakamwa.

Tsiku lina Arlindo anaweruka mochedwa, chifukwa nsonga imodzi inkakana kuyera. Anapukuta, napukutanso. Kenako anayang'ana uku ndi uku, nauzira. Custódio anali ataima pakhomo.

"Wachita chiyani, iwe?"

"Palibe, shefi," anayankha, monga amaitanira mabwana kuno.

"Chabwino. Mawa udzayang'anamo wekha, ndi diso lako."

Arlindo sanaonepo choopsa. Ankangoganiza zoti asachotsedwe ntchito. Anauyamba wapansi kupita kwa azakhali ake a Fernanda, tsidya la mtsinje, kumene ankagona. Mwezi unali wochepa. Anadutsa minda ya chinangwa ndi sitolo ina yopanda denga, achule akulira kutsogolo kwake. Atafika pamlatho wamatabwa, achule aja analeka onse.

Panali munthu. Anakhala m'mphepete mwa mlatho, miyendo ili lende, dzanja lili padiso lakumanzere.

Fungo la sipiriti...

"Bowa noyite, achimwene," anatero munthuyo, kupereka moni wa usiku. "Chitsotso chandivuta. Mundiuzire m'diso."

Zimenezi munthu sukana, ngakhale usiku. Arlindo anawerama, natsegula chikope ndi chala. Chikopecho chinali chozizira. Chonyowa ngati nsomba.

Diso linali loyera mbee, ngati dzira lowiritsa. Pakati pake kadontho kofiira. Kakuyaka!

Anauzira.

"Uziraninso."

Anauziranso.

"Sichichoka," anatero munthuyo, nausa moyo. "Ambiri ayesa. Koma inu mumatha kuuzira. Ndakumvani lero muja."

Muja? M'chipinda cha makina muja munalibe wina koma iye ndi Custódio!

Arlindo anafuna kubwerera m'mbuyo. Anachotsa chala pachikope chija. Madzi ankadontha kuchokera m'malaya a munthuyo, kugwera pamatabwa. Mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

"Sazimitsa," ananong'ona munthuyo. "Shefi wanu uja... sazimitsa makina."

Atatero anapendeka, nagwera kumtsinje.

Arlindo anadikira kumva phokoso la madzi. Anadikira... Zii!

Anathamanga. Anagwa, nadzuka, nsapato imodzi inatsala pamlatho. Anafika akumenya chitseko ndi manja onse awiri.

"Azakhali! Munthu wagwera mumtsinje! Dzutsani anthu!"

A Fernanda anatsegula atanyamula koloboyi. Anamuyang'ana kumapazi, kenako kumaso.

"Diso lakumanzere?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Wakupempha kuti umuuzire?"

Arlindo anangokhala pansi pomwepo.

"Usadzutse munthu, mwana wa achimwene. Ameneyo ndi Nicolau. Ankapukuta ulusi womwewo. Atamuchotsa ntchito ankabwerera kwawo, diso likutuluka madzi, linalo silikuona bwino, mpaka anaponda pamene panalibe thabwa. Tinamuvuula tokha. Anamwalira iwe ukadali ku tiyi."

"Ndiye munandisiya ndikulowa m'chipinda chimene chija osandiuza?"

A Fernanda anatsitsa nyali.

"Tinkafuna udye, mwanawe."

Kutacha Arlindo sanapite kuntchito. Anamanga zovala zake m'chitenje nalowera njira ya ku Muloza kubwerera ku Malawi, maso ake onse awiri ali bwino. Pamlatho sanadutsepo, anakawolokera kumtunda.

Custódio analemba munthu wina sabata lomwelo. Ntchito yolumikiza makina inatha, ndipo tsiku lotsegulira anthu anamuwombera m'manja Custódio. Mkazi wa Nicolau amakayezetsa magazi pamenepo mpaka lero. Amaima pamzere ngati wina aliyense, ndipo pachikalata cha imfa ya mwamuna wake pakadali polembedwa kuti anali ataledzera.