Pakati pa Zitseko Ziwiri

Anthu ena amaweta nkhuku, ena mbuzi. Mayi awa ankaweta udzudzu, nkumalandira nawo malipiro. Ankagwira ntchito kumalo ofufuzira za malungo, ndiye aneba anangowatcha Mayi Udzudzu.

Ntchitoyi inawalowerera zedi. Kunyumba, timadzi tikatsala m'chitini ankatitaya msangamsanga. Amuna awo akabwera ndi nkhani ya mumsewu, iwo ankangoti, "Mwaona nokha, kapena mwangomva?"

"Tsiku lina mudzandiika pamakina ndi ine ndemwe," bambowo ankatero moseka.

Madzulo ena atatha kudya, mayiwo anakumbukira kuti sanafunditse zikwere za udzudzu ndi nsalu zonyowa. Kunkatentha, ndipo udzudzu ukauma umafa.

"Anzathu akuupha, inu mukukaufunditsa," anatero bambowo. "Nanga mwanayu akadzuka ayamwa ine?"

"Mpafupi apa, bambo ake. Asanadzuke ndikhala nditabwera."

Mlonda anawatsegulira geti. Chipinda cha udzudzu chinali ndi zitseko ziwiri zachitsulo, pakati pake kampata kongokwana munthu woimirira. Zitsekozo anazikonza kuti china chisatseguke chinzake chisanatsekeke bwinobwino, kuopa kuti udzudzu ungathawe.

Analowa. Udzudzu unkalira m'zikwere zonse, poti anali ataumana chakudya dala, kukonzekera zoyesa za mawa lake. Anafunditsa, anazimitsa nyali yaikulu, natuluka. Anakoka chitseko chamkati, nakankha chakunja.

Chakunjacho sichinasunthe.

Anacheuka. Chamkati chinali chisanatsekeke, chitasiya kampata ngati chala. Anachikoka. Chinakana. Anachikankha kuti alowenso. Chinakananso.

Mayi Udzudzu sanali munthu wothamangira mantha. Anayamba kufufuza chimodzichimodzi, monga mwa ntchito yawo. Mphepo? Munalibe polowera mphepo. Kamwala pansi? Anapapasa ndi phazi, panalibe. Anakokanso pang'onopang'ono, ndipo anamva bwinobwino chitsekocho chikubwera pang'ono, kenako nkubwerera, monga chimachitira wina akagwira mbali inayo.

Foni inali m'chikwama, chikwamacho anachiiwala patebulo mkatimo. Anaitana mlonda, anamenya chitseko mpaka zikhato kutentha. Koma makoma anali okhuthala, ndipo iwo ankadziwa kuti akungodzivuta.

Ndipamene anazindikira kuti udzudzu wasiya kulira.

Chete ameneyo ankamudziwa. Udzudzu wanjala sukhala chete pokhapokha ukamadya.

Anaika diso pakampata. M'kuwala kwa kanyali kofiira kamene sikazimitsidwa, munthu anali atakhala pampando, atawafulatira. Anavala jasi loyera la kuntchito. Mkono wake anali atautsamiritsa paukonde wa chikwere, momwe iwo ankachitira podyetsa udzudzu.

"Ndani?" anafunsa.

Munthuyo sanatembenuke. Anachotsa mkono, nasuntha mpando, nauika pachikwere china. Anali kutali ndi chitseko. Nanga wogwira chitsekoyo anali ndani?

Apa nzeru zonse za kusukulu zinabalalika. Mantha anawagwira, enieni, a m'mafupa. Pokhala pansi panalibe, akati akhale mawondo ankagunda chitseko. Mpweya unatentha. Mabere anadzaza mpaka kupweteka, mkaka nkuyamba kunyowetsa bulauzi, ndipo anadziwa kuti kunyumba mwana wadzuka, akulira.

"Chonde, ndili ndi mwana wakhanda," ananong'ona.

Mkatimo mpando unakwekwereka, kupita pachikwere chotsatira. Kenako chotsatira. Mayiwo anatseka maso nkumangolira chamumtima.

Kutacha, chitseko chamkati chinadzitsekera chokha, khotyo. Chakunja chinatseguka, ndipo mayi wokolopa, amene ankabwera kudzayamba ntchito, anagwetsa ndowa atawaona.

Mkatimo munalibe munthu. Koma udzudzu wonse unali utakhuta, timimba tofiira, ndipo pamikono ya Mayi Udzudzu panalibe ngakhale kachilonda kamodzi.

"Mlonda iwe, usiku wonse sunandimve?" anafunsa, mawu atasasa.

"Kukumvani bwanji, mayi? Ine ndimakuonanitu pakagalasi kakuseri, mutakhala pampando, mukudyetsa ziweto zanu. Nawonso amuna anu anabwera atabereka mwana, anakuonani. Anagogoda, inu osacheuka. Anabwerera atapsa mtima."

Wina akanangozisiya. Koma munthu wozolowera kufufuza sagona ndi funso. Anatenga udzudzu wina wokhuta, napita nawo kwa mnzawo woyeza magazi, pamodzi ndi dontho la magazi awo. Zotsatira zitatuluka, mnzawoyo anaseka.

"Achemwali, mukundiyesa nzeru? Magaziwa ndi anu omwe."

Mpaka lero antchito a kumeneko amanong'onezana. Amati ntchito ija inadzisungira Mayi Udzudzu akeake mkatimo, ndipo palibe akudziwa kuti amene anatuluka m'mawa uja ndi uti.

Mayi Udzudzu akugwirabe ntchito, nanga apita kuti? Koma bambo aja nthabwala zinawathera. Madzulo mayiwo akafika pakhomo nkutambasula manja, bambowo amawayang'ana nthawi yaitali asanawapatse mwana.