Basi ya Antchito Yomwe Sinanyamuke

Nkhaniyi ndinaimva kwa mwini wake, mayi wina wosoka zovala, ndipo ndikuifotokoza monga anaifotokozera. Zinazo adziwa ndi Mulungu.

Tsiku lina madzulo anatseka makina ake osokera n'kulowa kuchipinda kukawapatsa bambo ake mankhwala. Anapeza bedi loyalidwa bwino, mkuluyo palibe. Pamsomali pomwe pankakhala ovololo yawo yakale panali popanda kanthu.

Bambowo anagwira umakanika kudepoti ya mabasi zaka makumi atatu. Depotiyo inatsekedwa kalekale, koma chiyambireni matenda oiwalaiwala, iwo ankangofunsa ngati basi ya antchito yadutsa kale. Mwana wawoyo sanavutike n'kufunsa anthu. Anatenga tochi n'kulunjika komweko.

Geti linali lomangidwa ndi waya, koma mpanda unali wobooka. M'katimo udzu unkalekeza m'chiuno. Mabasi akufa anali ndondondo, opanda matayala, ena atamera mitengo m'mawindo. Mwezi unali utangotuluka. Atadutsa potsukira mabasi, pomwe paipi youma inali lendelende, anamva fungo la dizilo. Osati lakale ayi. Lalero.

Mushedi yaikulu yokonzera munkawala mwachikasu, mofewa, ngati nyali yophimbidwa ndi nsalu. Akuti sanaope. Miyendo inkangopita yokha ngati akuyenda m'madzi. Wina ankaimba mluzu. Wina ankagogoda chitsulo pang'onopang'ono, koma patebulo la zida panali fumbi lokhalokha.

Pamwamba pa dzenje lomwe amakanika amalowamo pokonza basi kunsi kwake panaima basi imodzi yathunthu, injini ikulira chapansipansi. Munali amuna ovala maovololo, atakhala phee, zikwama zili pamiyendo, ngati anthu oweruka. Ena anawazindikira. Pamaliro awo anaimba nawo nyimbo.

Bambo ake anali pakhomo la basiyo, phazi limodzi lili pasitepe.

"Fulumirani, a Girisi," anatero dalaivala, kuwaitana ndi dzina lawo lakuntchito. "Zaka zonsezi mukusambabe m'manja?"

Amuna aja anaseka, koma kuseka kwake kunamveka patali, ngati kutsidya kwa mtsinje. Mkuluyo anayankha kuti dalaivala yemwe sanafikepo pa nthawi yake chibadwire asayambe changu lero. Anakwera n'kukhala pampando wakutsogolo.

Mayiyu anaitana. Anagogoda windo, kuwauza kuti ndi iye, kuti mankhwala akudikira, kuti adzukulu sanagone. Bambowo anamuyang'ana mwaulemu, monga munthu amayang'anira mlendo pasiteji. Chitseko chinayamba kutsekeka.

Pamenepo anakumbukira lamulo lomwe bambo ake ankalinena iye ali mwana: basi sisuntha m'dzenje muli munthu. Wolowa pansi amamenya chitsulo katatu, dalaivala n'kuchotsa dzanja pagiya. Salibwezapo mpaka atamva kumenya kawiri, kusonyeza kuti munthuyo watuluka.

Mayiyu anatsika masitepe a dzenjelo. Munali madzi amvula olekeza m'akakolo, ozizira. Pamwamba pa mutu wake mimba ya basi inkapuma, yofunda. Anapemphera mawu ochepa, n'kumenya chitsulo ndi tochi. Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Injini inatsitsa mawu. Kenako anamva chitseko, ndi mapazi omwe ankawadziwa, aja okoka mwendo wakumanzere.

"Ndani walowa m'dzenje langa osandiuza?"

"Ndine, ababa."

"Iwe? Ndi nsapato zimenezo? Tuluka msanga, anthu akufuna kukagona."

"Sindituluka. Tsikani mudzanditenge."

Mkuluyo anang'ung'udza kuti ana amasiku ano alibe khutu, koma anatsika. Mwanayo anawagwira mkono ndi manja onse awiri, osawasiya. Dalaivala sanalize huta, sanakalipe. Anangodikira. Mafuta ofunda ankadonthera pamapewa awo, dontho limodzilimodzi. Bambowo anayamba kumuonetsa zitsulo za kunsi kwa basi, kutchula chilichonse dzina lake osaphonya. Kenako anamuitana iye ndi dzina lake, lomwe anali asanalitchule chaka chathunthu.

Kutacha, anthu otola zitsulo zakale anawapeza awiriwo atakhala pamasitepe a dzenje, atatsamirana, mapewa ali noninoni. Pamwamba pawo panalibe basi. Panali denga lobooka ndi nkhunda.

Oyandikana nawo amanong'onezana kuti basi ija sinapite kulikonse, poti palibe anamenya chitsulo kawiri. Madzulo ena bambowo amatola supuni n'kumasakasaka chitsulo choti amenye. Mwana wawo amangowagwira dzanja, n'kuwauza kuti ntchito sinathe.

Ndinamufunsa mayiyo choti timupempherere.

"Musapemphe kuti basiyo ichoke," anatero. "Ikamachoka sisiya mpando wopanda munthu, ndipo wakutsogolo uja ndi wa ababa. Mungopempha kuti dalaivalayo apitirize kuleza mtima."