Mfuti Zisanu ndi Ziwiri Zopakidwa Mafuta

Nthawi itakwana 6:20 m'mawa wa Lachiwiri, Inspekitala Simioni Ndembo anali ataima kale m'dimba la chimanga m'mphepete mwa Shire, kumunsi kwa mlatho wa Mangochi, akuyang'ana mtembo wa Che Wadi. Munthuyo anagona chagada pakati pa mizere, chifuwa chitang'ambika ndi mfuti yosakira nyama.

"Anawaombera pafupi," anatero Sajeni Dora.

"Mapazi asanu, osaposa," anayankha Ndembo. "Dora, ine mabala a mfuti ndawaona ku Darfur, ndawaona ku Kongo. Bala limayankhula, ndipo chinenero chake ndimachimva kuposa Chiyao."

Sankanama. Ndembo anakula akuyanika usipa pathandala, nsapato n'kudzazidziwa ali mu Sitandade 8, koma boma linamukweza ndege kasanu ndi kamodzi kumutuma kumaiko a nkhondo. Pamapeto pake anapempha yekha kubwerera kwawo, chifukwa kulikonse kumene anagona ankadzuka akusowa phokoso la makabaza pamlatho.

Che Wadi, ngakhale analibe mfuti yakeyake, anali mlembi wa bungwe la eni mfuti: amuna asanu ndi awiri okhala ndi ziphaso, amene ankathamangitsa mvuu zikalowa m'madimba. Lachisanu likubweralo kunkayembekezeka msonkhano paboma womva maganizo a anthu ngati mfutizo zizikhalabe m'nyumba kapena zizisungidwa kupolisi. Eni mfuti ankati mvuu sidikira kuti munthu akasaine buku. Enanso ankati mfuti ya m'nyumba sidziwa mvuu ndi munthu, ndipo wotsogolera mbali imeneyi anali Mayi Enelesi, amene amuna awo anaomberedwa m'bango zaka ziwiri zapitazo, woomberayo atawayesa mvuu.

Pa 9:15 Mayi Enelesi anali atakhala mu ofesi ya Ndembo, manja pamiyendo.

"Mayi, munanena pamsika kuti mfuti idzawadya eni ake?"

"Ndinanena, ndipo mawa ndikanenanso. Koma bwana, ine ndiphe munthu ndi chinthu chimene ndikufuna chichoke m'mudzi? Kum'mawa ndinali kudooko kugula nsomba, kafunseni. Ndiponso Che Wadi sanalinso mdani wanga."

"Kuyambira liti?"

"Lamulungu anabwera kwathu. Anati, 'Mlongo, mfuti zikhale kwa eni ake, koma chaka chilichonse mwini aziyezedwa maso kuchipatala. Wolephera azipereka mfuti.' Ine ndinavomera. Amuna anga anaphedwa ndi maso a munthu, osati chitsulo."

Dora anapita kudooko, anakapeza kuti mayiwo ananena zoona.

Pa 11:00 Ndembo analamula kuti mfuti zonse zisanu ndi ziwiri zibwere kupolisi. Zinabwera, n'kuyalidwa patebulo. Ananyamula yoyamba n'kununkhiza kukamwa kwake. Mafuta. Yachiwiri, mafuta. Zonse zinali zitatsukidwa, zikunyezimira ngati za pachionetsero.

Anaitana Ambrose, wapampando wa bungwelo.

"Bambo Ambrose, mfuti zimenezi mwazikonzera ukwati?"

"Timatsuka Lachiwiri lililonse, bwana."

"Kuyambira liti?"

Ambrose anakanda m'mutu. "Kuyambira lero."

"Mukudziwa kuti kubisa umboni ndi mlandu?"

"Amene wapha Wadi sindikumudziwa, ndikulumbira. Koma mfuti imodzi ikapezeka yolakwa, Lachisanu zipita zonse. Ndiye ndinauza aliyense kuti atsuke. Chimanga chimenecho ndi chakudya cha midzi itatu, bwana. Inu mvuu munaionapo ikudya?"

Ambrose anagona m'chitolokosi, koma asodzi anayi anachitira umboni kuti anali naye m'bwato mpaka dzuwa litakwera. Ena asanu ndi mmodziwo aliyense anati anali m'nyumba mwake. Ndembo, munthu amene ankadzitama kuti mlandu sumugonera kawiri, anatsala ndi mfuti zoyera ndi anthu otseka pakamwa.

Lachitatu pa 2:00 masana anapita kumaliro, naima pansi pa mtengo wa mango. Amuna anatuluka ndi jeneza, machira onyamulira maliro, ndipo monga mwa mwambo aliyense ankaika phewa lake, kuyenda mapazi angapo, n'kusiyira mnzake. Ndembo ankangoyang'ana mapewawo. Itafika nthawi ya Che Atumani, wachikulire kuposa eni mfuti onse, nkhalambayo inatambasula dzanja n'kupapasa m'malere isanapeze mtengo wa jenezalo. Mtengowo utakhudza phewa lamanja, inakwinya nkhope, inatuluka, n'kuzungulira kumbuyo kukanyamulira kumanzere.

"Dora," ananong'ona Ndembo, "mfuti imatsukika. Koma ikalira imamenya mwini wake paphewa, ndipo pamenepo mafuta safika."

Pa 4:30 anawapeza Che Atumani atakhala pakhonde, nkhope italoza kumsewu.

"Salaamu, bambo. Ndine Ndembo wa kupolisi."

"Mawu ndawadziwa. Khalani."

"Ndikupempha mumasule mabatani a malayawo."

Nkhalambayo sinakane. Paphewa lamanja panali chilonda chakuda chotupa, kukula kwake ngati chikhatho.

"Ndi zala zingati izi?" anafunsa Ndembo, atakweza zitatu ali pamasitepe.

"Musandivutitse, mwana wanga. Chaka chino n'chachitatu ndikuona utsi wokhawokha. Wadi yekha ndiye ankadziwa. Ankandiwerengera makalata."

"Ndiye kuyeza maso kuja kunali kutha kwa chiphaso chanu."

"Kutha kwa zonse. Mfutiyo si yanga ayi. Ndi ya Jafali, mwana wanga. Tsiku limene ankakwera basi ya ku Joni anati, 'Baba, mundisungire, ndikabwera ndidzalembetse dzina langa.' Papita zaka khumi ndi chimodzi. Foni inasiya kulira chaka chachinayi. Amayi ake anamwalira akumudikira. Ena amati ali ku Durban, ena amati kulibe. Koma ine ndikaipukuta mfutiyo ndimadziwa kuti abwera, chifukwa munthu sasiya chinthu chake mpaka kalekale."

Ndembo anayang'ana pansi. Iyenso anakhalapo wa kutali, ndipo ankadziwa kuti foni imayamba kulemera bwanji m'manja munthu akachedwa kuimba.

"Lachiwiri kunachitika chiyani?"

"Ndinamuitana kudimba titachoka kumzikiti. Ndinatenga mfuti kuti ndimuonetse kuti ndikadali mlenje. Anaika chitini pachitsa, akuti ombani. Ndinafunsa kuti chitsacho chili kuti. Sanaseke, Wadi sanali woseka anthu. Anangoti, 'Achimwene, Lachisanu ndidzatchula dzina lanu, kuti anthu aone kuti tayamba ndi ife eni.' Ndinamupempha kuti adikire chaka chimodzi chokha. Anakana. Anabwera pafupi, dzanja atatambasula, akuti, 'Ndipatseni ndikaipereke ndine, musachite manyazi.'"

Nkhalambayo inasisita phewa lija.

"Pamenepo ndinamuona bwinobwino. Sindinganame kuti ndinamuyesa mvuu."

Dora analemba mawuwo, nawawerengera, ndipo Che Atumani anadinda chala pamene anawagwiritsa.

"Mundiuze chinthu chimodzi, bwana. Mfutiyo ipita kuti?"

"Ikakhala umboni kukhoti."

"Mlandu ukatha?"

"Sidzabwereranso m'nyumba muno, bambo."

"Nanga kumsonkhano mkuja?"

"Mayi Enelesi akanena zimene anagwirizana ndi Che Wadi. Anzanu aja mwina zawo zitsala."

Nkhalambayo inagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutembenukiranso kumsewu, kumene minibasi ina inkatsitsa anthu. Inamvetsera mpaka mapazi onse atapitirira.

"Jafali akabwera," inatero, "mumuuze kuti ndinasunga zaka khumi ndi chimodzi. Zinazo musamuuze inu. Adzamva kwa anthu."

Ndembo anayang'ana unyolo womangira manja umene anali atatulutsa. Anaika unyolo uja m'thumba, nagwira nkhalambayo dzanja lamanzere.

"Tiyeni, bambo. Pali masitepe awiri."