Usiku Umene Anazimitsa Netiweki Yakale

"Ababa, mukazimitsa netiweki, mawu amene anali kale panjira amagwera kuti?" Mwana wake wamkazi anamufunsa choncho tsiku lina adakali wamng'ono, ndipo bambo akewo, mmisiri wa pansanja ya mafoni, anangoseka. Funsolo linamubwerera madzulo amene anakhoma chitseko cha kanyumba ka patsinde pa nsanja, atazimitsa netiweki yakale ija amati 2G.

Lamulo linachokera kulikulu la kampani: nsanja zonse zitsale ndi 4G yokha, makina akale amadya magetsi. Iye anatsutsa pamsonkhano. Anawauza kuti pansanja imeneyi netiweki yakale ndi imene imafika kuchigwa cha kutsidya kwa mtsinje, kumene anthu adakali ndi mafoni a mabatani, pamene yatsopano imathera pamsewu waukulu. Abwana anayankha kuti anthuwo agule mafoni ena. Mmisiri anameza malovu, n'kusaina pepala.

Galimoto ya kampani inamusiya masana, akuti idzamutenga dzuwa lisanalowe. Teni koloko ya usiku inakwana isanabwere. Anamangirira lamba wokwerera pachikwama chake, n'kuyamba kutsika phiri wapansi.

Njira yachidule inali yodzera pamlatho wachitsulo. Pamwamba paphiri foni yake inali ndi timizere tinayi ta netiweki. Atafika panyumba yopanda denga ya m'mbali mwa njira tinatsala tiwiri. Pamlatho panalibe kalikonse.

Pakati pa mlathowo panaima munthu.

Anali mayi woyembekezera. Dzanja limodzi linagwira chitsulo cha m'mbali, lina linali m'mwamba, litanyamula kafoni kowala mobiriwira.

"Bambo," anatero mayiyo osacheuka, "mwazimitsa ndinu?"

"Ndatumidwa, mayi. Nanga inu mukutani pano usiku uno, mmene mulilimu?"

"Ndikuyimbira galimoto. Foni sikupita."

"Tabweretsani ndione."

Kafoniko kanagwera m'dzanja lake, kozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anakatembenuza monga amachitira mmisiri aliyense. Chivindikiro panalibe. Chala chake chinalowa pamalo pa batire...

Mulibe batire!

Koma kanali kuwala.

Achule onse anakhala chete. Madzi pansi pa mlatho sanamvekenso. Tsitsi linamuima. Miyendo inamuuza kuti athawe, iye anaikaniza. Zaka khumi akukwera zitsulo mphepo ikukuntha, lero athawe munthu wamayi? Anaponda mwamphamvu pomwe anaimapo.

"Kaya ndinu ndani, mayi, ine simundithamangitsa. Nenani chimene mukufuna."

Apo ndiye mayiyo anacheuka. Nkhope yake inali ya mtsikana, pachibwano pali chipsera. Maso ake sanaphethire.

"Zanga ine zinatha," anatero. "Kutsidyaku aliko amayi atatu oyembekezera, mwezi wawo ndi uno. Dzulo akanayimba ali pamphasa pawo. Tsopano adzabwera pano... kudzakweza manja ngati ine."

Mmisiri anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Anayang'ana m'dzanja lake. Munalibe kanthu, kuzizira kokha. Anadzutsa mutu.

Mlatho unali wokha.

Sanathamange. Anayenda, akuwerenga mapazi ake, osacheuka ngakhale kamodzi kufikira ataona magetsi a mumsewu wa kwawo.

Neba wake, dalaivala wa takisi, anali pabwalo akutsuka galimoto, poti anali atangoweruka.

"Aneba, mwatuwa bwanji ngati mwagona m'thumba la simenti? Kodi akampani akuyendetsaninso wapansi?"

Mmisiri anakhala pa tayala lakale n'kufotokoza zonse, mwadongosolo, monga amalembera lipoti la ntchito. Atatchula za chipsera, nsanza inagwa m'manja mwa dalaivala.

"Chipseracho ndinamupatsa ndine, tili ana, tikulimbirana njinga," anatero dalaivalayo. "Ameneyo ndi mlongo wanga. Anakwatiwa kutsidyako nsanja yanuyo isanamangidwe. Matenda anamuyamba usiku, mwamuna wake ali kuntchito. Anayenda mpaka pamlatho kufuna netiweki kuti andiyimbire. Ine ndinali mtulo, galimoto ili pompano, mafuta odzaza. Tinamupeza m'mawa, foni ili apo, batire ili uko. Papita zaka zisanu ndi zinayi."

Mmisiri anapisa m'thumba, n'kutulutsa kiyi wa kanyumba ka pansanja. Anamuyang'ana kwa kanthawi.

"Lizani galimoto, achimwene. Ndikukayatsa."

"Akuchotsani ntchito. Muli ndi ana, inu."

"Achotse. Ndinawauza ndi pakamwa, sanamve. Tsopano akafuna kuzimitsa akwere okha phirilo, adzadine ndi zala zawo, kenako atsike wapansi, adzere pamlatho."

Dalaivala anakhuthula madzi a m'ndowa, n'kupukuta manja pa buluku.

"Ndiye tipangane, aneba. Foni iliyonse yochokera kutsidya, kaya ndi usiku wotani, ine ndidzanyamuka. Ndipo tsiku limene mabwana anu adzakuitaneni, simudzalowa nokha mu ofesimo. Ndidzakhala pambali panu, chithunzi cha mlongo wanga chili m'manja."

"Nanenso," anatero mmisiri, akugwira dzanja lonyowalo, "kiyi ameneyu akadali m'thumba mwanga, palibe mayi wina adzaime pamlatho paja."