Masamba Kumakola a Kumanzere

Madala wosamala makoswe anagwira ntchito pa labotale ina zaka khumi ndi zisanu, koma ngakhale mpando sanampatseko. Anthu ophunzira ndi otero. Nambala ya khoswe aliyense amaidziwa, dzina la wowasesera ayi.

Makoswe oyerawo anali magulu awiri. A kumanja ankadya chakudya chokwanira. A kumanzere ankapatsidwa chochotsedwa mavitamini. Onsewo makina ankawapopera utsi wa ndudu, kuti adokotala aone amene ayambe kutuluka zotupa za khansa m'mapapo. A kumanzere ubweya unkathothoka, maso ali mbuu.

Tsiku lina madzulo, madala akuvala jekete kuti aweruke, adokotala anamuitana atanyamula tsamba lobiriwira.

"Madala, mwayamba chifundo eti? Kachitatu aka ndikupeza masamba kumanzere. Mukundiwonongera kafukufuku."

"Masamba ndiwatenga kuti ine, bwana? Kwathu komwe ndimangowaona pamsika."

"Ndikapezanso limodzi, musiye makiyi."

Pa msinkhu wake ntchito ina akanaipeza kuti? Sanapite kunyumba. Anakhoma chitseko, nazimitsa magetsi, nakhala pa thumba la utuchi kudikira woipayo. Anaimirira. Anakhalanso. Anakayesa mawindo onse kawiri.

Makoswe usiku sagona, amangoti tseketseke m'utuchi. Koma pakati pa usiku onse anangoti zii.

Kenako kunamveka chifuwa. Chouma, chokoka, chothera ndi kamluzu.

Madala anachidziwa. Anachimvera miyezi isanu ndi umodzi m'nyumba ya mlongo wake. Chinali cha mlamu wake, yemwe ankaika ndudu m'makina aja n'kumasuta zotsala, njala ikamupweteka n'kumatafuna chakudya cha makoswe a kumanzere. Anamuika m'manda chaka chatha. A ku labotale sanabwereko ndi mmodzi yemwe.

Fungo la fodya linadzaza chipinda, makina ali chizimire. Kachitseko ka khola kanalira. Kenanso. Kenanso, kuyandikira kumene iye anali.

"Alamu," ananong'ona madala, "mundichotsetsa ntchito."

Chifuwa chinaleka. Mawu anamveka pakhutu pake penipeni.

"Tandigwirirani awa, alamu. Anzangawa akutha ngati ine."

Chinthu chozizira, chonyowa ndi mame, chinadzaza m'manja mwake. Anafuna kutaya. Zala sizinatseguke.

Kutacha adokotala anamupeza atagwada kumakola a kumanzere, masamba ali m'manja, makoswe akuwadya kudzera m'mawaya. Adokotala anangotambasula dzanja, iye n'kuikamo makiyi.

Kumene amakhala anthu amanong'ona kuti ndi ukalamba, mutu unasokonekera. Anene zimenezo. Loko anasintha, chipindacho salowamonso wina koma adokotala. Koma mlonda wa pageti akuti masiku ano adokotalawo amafika kusanache, n'kutuluka m'chipindamo ndi kathumba ka masamba, okha, osayang'ana munthu kumaso.